Wodula ndi wodulidwa pa mpikisano wa ndege

Kuyambira mu 1964 mpaka mu 2023, pafupifupi chaka chilichonse mwezi wa Seputembala, m'chipululu cha kumpoto kwa mzinda wa Reno, m'chigawo cha Nevada ku America, munkachitika mpikisano wa liwiro la ndege. Zothamanga koposa zonse zinali ndege zankhondo za m'zaka za m'ma 1940, monga P-51 Mustang, zimene eni ake anazisula mwatsopano mpaka kumafika makilomita 800 pa ola. Zinkathamanga zingapo pamodzi, phiko kuyandikana ndi phiko, kuzungulira njira ya makilomita pafupifupi 13, zikuuluka mamita ochepa chabe pamwamba pa zitsamba. Womva izi koyamba amayesa kuti amenewa ndi masewera a anthu otaya moyo, osadziwa lamulo. Chikhalirecho mpikisanowu uli ndi malamulo ochuluka ndi okhwima, ndipo mbiri ya malamulowo ili ndi phunziro limene Chichewa chinalisunga kale m'liwu limodzi.

Mumlengalenga simujambulika mzere, choncho njira ya mpikisano imadziwika ndi mizati. Mzati uliwonse ndi mtengo wonga wa mawaya a magetsi, wotalika mamita pafupifupi 15, ndipo pansonga pake amaikapo mgolo wopakidwa utoto wowala, woboola kumwamba ndi kunsi. Patsinde pa mzati pamaima oweruza, maso ali m'mwamba, akusuzumira kudzera mu mgolo uja. Ndege zimakhotera kumanzere kokhakokha, ndipo iliyonse iyenera kudutsa kunja kwa mzati. Mbali ina ya ndege ikangoonekera chamkati, ndiye kuti woyendetsa wafupikitsa njira, wabera anzake. Mlandu umenewu eni masewerawa amautcha kudula mzati. Chilango chake ku Reno chinali masekondi awiri pa ulendo uliwonse wozungulira. Ngati mpikisano ndi wozungulira kasanu ndi katatu, wodula mzati umodzi ankamuwonjezera masekondi 16, amene pa liwiro lotere ndi mtunda woposa makilomita atatu. Munthu ankatha kutsika m'ndege akusekerera kuti wapambana, n'kumva kuti oweruza am'bweza m'mbuyo.

Liwu lakuti kudula si lachilendo m'khutu la Mchewa, kaya wa ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia. Pali kudula mtengo, kudula njira, kudula mnzako mawu. Palinso kudula munthu. Makolo ankati wamkulu akasempha mwambo, monga wa m'banja pamene mwana ali wakhanda kapena pamene mudzi uli pa maliro, amadula wina, ndipo wodulidwayo amatupa miyendo, kutsokomola, mwinanso kufa kumene. Nthendayo ankaitcha mdulo kapena tsempho. Achipatala lero amaona m'zizindikiro zimenezi matenda odziwika, monga kunyentchera ndi chifuwa chachikulu, ndipo pa zimenezo mawu ndi awo. Chimene sichinakalambe ndi ganizo lili m'liwulo: wolakwa ndi wina, wodwala ndi wina. Mwambi umati choipa chitsata mwini, koma anthu omwewo amene anaupeka anaonanso kuti nthawi zambiri choipa chimalambalala mwini wake n'kukagwera wosadziwa kanthu. Malamulo a mpikisano wa ndege akaikidwa pa muyeso umenewu, wa wodula ndi wodulidwa, amagawika mitundu itatu.

Oyamba kubadwa anali malamulo a chilungamo pakati pa opikisana, aja akuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mu Ogasiti 1909, zisanathe zaka zisanu ndi chimodzi abale a Wright ataulutsa ndege yawo yoyamba, ku Reims m'dziko la France kunachitika msonkhano waukulu wa mipikisano ya ndege. Polimbirana chikho cha Gordon Bennett, aliyense ankauluka payekha kuzungulira kawiri njira ya makilomita 10, oweruza ali ndi wotchi m'manja. Glenn Curtiss wa ku America anatha makilomita 20 aja m'mphindi zosakwana 16, n'kuposa Louis Blériot wa ku France ndi masekondi pafupifupi 6. Liwiro lake linali makilomita 75 pa ola, limene minibasi ya lero imalipitirira okwera osazindikira. Funso la oweruza tsiku limenelo linali limodzi: kodi onse ayenda mtunda wofanana, ndipo ndani wautha msanga?

Ganizo lomweli ndi limene linagawa ndege m'magulu. Ku Reno kunali gulu la tindege ting'onoting'ono lotchedwa Formula One, limene lamulo lake limatchula injini imodzi kwa onse, ya Continental O-200, mapiko osachepera masikweyamita 6, kulemera kosachepera makilogalamu 227 ndege ili yopanda munthu ndi mafuta, ndiponso matayala osapindika kulowa m'mimba mwa ndege. Kunali gulu la T-6, ndege zakale zophunzitsira asilikali, zimene siziloledwa kusinthidwa kwenikweni, kotero kuti wopambana amapambana ndi luso la manja ake. Ndipo kunali gulu la Unlimited, dzina lotanthauza kuti kulibe malire, kumene chachikulu chinali chakuti injini ikhale ya mapisitoni yozunguza pulopela. Zambiri zotsalazo mwini ndege ankachita monga wafunira. Wophwanya malamulo a mtundu uwu amalakwira mnzake wopikisana naye, ndipo mlandu wake umatha ndi masekondi kapena kulandidwa chikho.

Mtundu wachiwiri ndi wa malamulo oteteza oyendetsa ndege kwa anzawo. Wofuna kupitirira mnzake adutse chakunja, ndipo udindo wosam'taya m'maso uli pa wopitirirayo, chifukwa wakutsogolo saona kumbuyo. Wouluka motsika kuposa msinkhu wa migolo amalangidwa. Injini ikayamba kutsokomola, woyendetsa asalimbane nayo: akwere m'mwamba pomwepo, apatuke panjira ya anzake, liwiro lake alisandutse msinkhu woti um'fikitse pabwalo. Mlendo pamasewerawa, ngakhale akhale woti wayendetsa ndege zikuluzikulu zaka makumi atatu, ankayenera kuyamba wapita ku maphunziro a mwezi wa Juni n'kukhoza mayeso. Apa chilango chenicheni sichichokera kwa oweruza. Tsiku lomaliza la mpikisano womaliza wa ku Reno, pa 17 Seputembala 2023, ndege ziwiri za T-6 zinawombana zikukonzekera kutera, mpikisano utatha kale. Chris Rushing ndi Nick Macy, akatswiri amene anali atangotenga malo oyamba ndi achiwiri, anafera pomwepo.

Imfa zotere n'zowawa, komabe zimagwera anthu amene anadziwa chimene akulowa. Chigawo chino cha Africa chinaionapo imfa yamtunduwu. Mu 1936 mpondamatiki wa ku South Africa, I. W. Schlesinger, anaika mapaundi 10,000 pa mpikisano wochokera ku Portsmouth, ku England, kukafika ku Johannesburg. Pa ndege zisanu ndi zinayi zimene zinanyamuka pa 29 Seputembala, imene inamaliza mpikisanowo inali imodzi yokha, ya C. W. A. Scott ndi Giles Guthrie. Ina inagwa ponyamuka ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, n'kupha Max Findlay ndi mnzake A. H. Morgan. Awiriwa anakwera ndege mwa kufuna kwawo, akudziwa kutalika kwa ulendo ndi kuvuta kwa mabwalo a m'njira. Ngozi inatsata amene anavomera kuyenda nayo.

Mtundu wachitatu wa malamulo unachedwa kubwera, ndipo unabwera ndi maliro a anthu amene sanalembetse nawo mpikisano. Reno isanatchuke, likulu la masewerawa linali Cleveland, m'chigawo cha Ohio, kumene njira ya mpikisano inkadutsa pamwamba pa minda ndi nyumba za anthu. Pa 5 Seputembala 1949, pa mpikisano wa chikho cha Thompson, panali Bill Odom, munthu wotchuka chifukwa chozungulira dziko lonse pa ndege mu 1947, koma wosazolowera kukhota pa mizati. Ankayendetsa P-51 yosinthidwa kwambiri yotchedwa Beguine. Pa ulendo wachiwiri wozungulira, pofuna kukonza kakhotedwe kake, ndege inam'tembenukira chagada n'kukagwera nyumba ina m'tauni ya Berea. M'nyumbamo munali mayi ndi mwana wake wa chaka chimodzi. Onse awiri anafa, pamodzi ndi Odom. Mayiyo sanagule tikiti, sanasaine pepala lililonse. Anali pakhomo pake. Mipikisano ikuluikulu ya ku Cleveland inathera pomwepo, chaka chotsatira nkhondo ya ku Korea inayamba, ndipo panapita zaka 15 masewerawa asanadzukenso. Amene anawadzutsa anali Bill Stead, mlimi wa ng'ombe wa ku Nevada, ndipo malo ake atsopano anali chipululu, kutali ndi madenga a anthu. Chipululucho chinagwira ntchito ya lamulo. Pabwalo la ku Reno panalinso mzere wolekanitsa njira ya ndege ndi malo a oonerera, ndipo woudumpha ankachotsedwa mumpikisano popanda kukambirana za masekondi.

Si lamulo lililonse lobadwira pamaliro limene lili lanzeru. Zaka 16 ngozi ya ku Berea isanachitike, pa 4 Seputembala 1933, ku Chicago, Florence Klingensmith ankapikisana ndi amuna pa ndege ya Gee Bee. Anali patsogolo pa amuna angapo pamene nsalu yokuta phiko inayamba kung'ambika. Ndege inagwa, iye n'kufa. Vuto linali la ndege, koma akuluakulu a mipikisano anagamula kuti vuto ndi ukazi, ndipo mu 1934 akazi anawatsekera kunja. Amuna ambiri anali atafa kale m'mipikisano yomweyo popanda woganiza zoletsa amuna. Chiletsocho sichinakhalitse, ndipo mu 1936 Louise Thaden ndi Blanche Noyes anapambana mpikisano wa Bendix wochokera ku New York kukafika ku Los Angeles, wachiwiri n'kukhala mkazinso, Laura Ingalls. Nako kumudzi zoterezi zimadziwika. Mwana akatupa miyendo, chala chinkafulumira kuloza mayi wothira mchere m'ndiwo, nkhokwe yopanda chimanga osaifunsa. Maliro amafuna wolakwa msanga, ndipo wosavuta kuloza ndi amene alibe mawu pabwalo la milandu.

Lamulo labwino limafuna kufufuza kodekha, ndipo chitsanzo chake ndi ngozi ya ku Reno ya pa 16 Seputembala 2011. Jimmy Leeward, wa zaka 74, amene anali atapikisana pabwaloli kwa zaka zambiri, ankayendetsa P-51 yotchedwa The Galloping Ghost, ndege imene inapikisanapo ku Cleveland kuja m'zaka za 1946 mpaka 1949. Ali pa nambala yachitatu, pokhota pa mzati wachisanu ndi chitatu pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola, ndege inapendekeka, n'kudzuka mwadzidzidzi kuloza kumwamba. Mphamvu imene inam'kanikizira pampando inali yowirikiza ka 17 kulemera kwa thupi lake. Palibe munthu angakhale maso pamenepo, chifukwa magazi amathawa kumutu. Ndege yopanda woiwongolera inatembenuka n'kudzagwa pa mipando ya oonerera, kutsogolo kwa nsanja yaikulu. Zonsezi zinatenga masekondi osakwana 10. Anafa anthu 11, Leeward ndi oonerera 10, ndipo ovulala anaposa 60.

Bungwe la boma lofufuza ngozi, National Transportation Safety Board, linatulutsa zimene linapeza mu Ogasiti 2012. Gwero linali kumchira. Kumeneko kuli timapiko ting'onoting'ono tothandiza ndege kuuluka mowongoka popanda woyendetsa kulimbana ndi chiwongolero. Timabawuti tomangira timapikoti timagwidwa ndi manati okhala ndi kamphete kofewa mkati, koletsa kumasuka. Pa ndege ya Leeward manatiwo anali akalekale, ogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza mpaka kamphete kaja kutha mphamvu. Timabawuti tinakhwefuka, kaphiko kanayamba kunjenjemera ndi mphepo, ndipo kachitsulo kokagwira kanathyoka. Tizitsulo totchipa, tokwana m'dzanja limodzi, tinapha anthu 11.

Koma ofufuzawo sanaimire pa manati. Anapeza kuti ndegeyo inali itasinthidwa kwambiri: mapiko anafupikitsidwa, njira yoziziritsira injini inali yatsopano, ndipo pa timapiko tiwiri ta kumchira kamodzi kanamangidwa chilili, ntchito yonse n'kutsalira kanzake. Zambiri mwa zosinthazi sizinalembedwe ndipo sizinayesedwe mokwanira pa liwiro la mpikisano. Oyendera ndege mpikisano usanayambe anaona kuti timabawuti ta kumchira n'tatifupi, koma panalibe dongosolo lolembedwa lotsimikizira kuti chodandaulacho chakonzedwa. Ngakhale mabuku a boma ankatsutsana: lina linkati pakati pa ndege zothamanga chotere ndi oonerera pakhale mamita pafupifupi 150, lina linkati 300. Oweruza a pamizati analibe chimene akanaona tsiku limenelo, pakuti kudula kwenikweni kunachitika kale m'nyumba yosungiramo ndege, miyezi ndi zaka tsikulo lisanafike.

Mu 2012 mpikisano unachitikanso ndi malamulo atsopano. Njira ya ndege zothamanga koposa inasunthidwa mamita pafupifupi 45 kutalikirana ndi oonerera, kakhotedwe ka pa mizati ina kanafewetsedwa, magalimoto a mafuta anachotsedwa pafupi ndi njira, oyendetsa anayamba kuphunzitsidwa za mphamvu yokanikiza thupi ija, ndipo mwini ndege yosinthidwa anayenera kusonyeza kuti yayesedwa pa liwiro limene akufuna kuthamanga. Mpikisano wina, wa Red Bull Air Race, umene unkachitika m'mizinda ya mayiko osiyanasiyana pakati pa 2003 ndi 2019, unasankha njira ina: ndege imodzi panthawi, mizati ya nsalu yopopedwa mpweya imene imang'ambika phiko likaikhudza, malire a liwiro lolowera panjira ndi a mphamvu yokanikiza thupi, ndipo kuyambira mu 2014 injini ndi pulopela zofanana kwa onse. Pa mipikisano yake yonse sipanafe woyendetsa ndege ndi mmodzi yemwe. Mtengo wake unali wakuti ndege sizinkalimbana maso ndi maso, chimene chinali mtima wa masewera a ku Reno.

Chichewa chimasiyanitsa lamulo ndi mwambo. Lamulo ndi mwana wa kulamula: pali wolamula, pali wolamulidwa, ndipo limagwira ntchito pamene pali diso loona. Mwambo sufuna mlonda. Munthu amausunga ali yekha, usiku, chifukwa akudziwa kuti akausempha wodwala adzakhala mwana wake kapena wa mnansi. Malamulo a mtundu woyamba ndi wachiwiri amatheka ndi oweruza ndi mawotchi, koma a mtundu wachitatu oweruza sawakwanitsa okha. Palibe woyendera angamasule nati iliyonse ya ndege zambirimbiri m'masiku ochepa. Buku likhoza kulamula kuti mwini ndege alembe zonse zimene wasintha, koma cholembera chili m'manja mwa munthu wodziwa kuti akanena zoona adzatumidwa kukayesa ndege yake maola ambiri, mwinanso kuphonya mpikisano wa chaka chimenecho. Pamenepo lamulo lafika pa malire ake. Chotsala ndi chimene makolo ankafuna kudzala mwa munthu pom'phunzitsa za mdulo, ndiwo mantha a kudula wina.

Wina anganene kuti moyo wa woyendetsa ndege ndi wake, ndipo ali ndi ufulu wouika pachiswe. M'mawu amenewa muli choona. Dziko loletsa munthu wamkulu chilichonse choopsa silikanakhala ndi ndege n'komwe, pakuti Curtiss ndi Blériot ankauluka pa zinthu za matabwa, nsungwi, nsalu ndi mawaya zimene lero palibe boma lingazilole kunyamula munthu wolipira. Anganenenso kuti oonerera nawo amadziwa kuti afika pamalo oopsa, poti palibe amene anawakoka. Koma woonerera amavomera ngozi imene akuiona ndi maso: ndege zothamanga, zouluka motsika, zoyandikana. Savomera nati yakutha imene sanauzidwe, kapena phiko lofupikitsidwa limene silinayesedwe. Munthu savomera chimene wabisiridwa. Ufulu wa woyendetsa ndi weniweni, koma umathera pa mzere uja wolekanitsa njira ya ndege ndi mipando ya anthu.

Mpikisano unachoka ku Reno mu 2023 chifukwa, mwa zina, mzinda unali utakula ndipo nyumba za anthu zinali zitayandikira bwalo. Chipululu chinasiya kukhala chipululu. Mu 2025 unayambiranso ku Roswell, m'chigawo cha New Mexico. Kumeneko oweruza adzapitiriza kuwerenga masekondi a odula mizati, ndipo ntchito yawo ndi yofunika, pakuti popanda iwo chikho chimapita kwa wobera. Koma za amene adzakhale pa mipando kuti adzabwerera kwawo amoyo zidzagamulidwa miyezi ingapo mpikisano usanayambe, pamene makaniko wanyamula nati yakale m'dzanja, palibe wom'penya, n'kusankha kuibwezera pamalo pake kapena kuitaya.